Pulinta imodzi ingakwanire makompyuta onse a mu shopu

M'mashopu otayipa ndi kupulinta a ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu mumalowa ntchito zosiyanasiyana: makalata ofunsira ntchito, makadi a ukwati, komanso zolemba za ophunzira a ku Mzuni. Bizinesi ikakula, mwini wake amaonjezera kompyuta yachiwiri, koma pulinta imakhala imodzi yomweyo. Ambiri amangosuntha mafayilo pa fulashi, zomwe zimachedwetsa kasitomala ndiponso kufalitsa mavairasi. Ena amathamangira kugula pulinta ina, mpamba n'kuthera pomwepo. Chikhalirecho, pulinta imodzi ingatumikire makompyuta onse, ndipo njira zake zilipo ziwiri.

Njira yoyamba ndi ya pulinta ya waya wa USB yokha, monga Epson L3210. Pulintayo imalumikizidwa ku kompyuta imodzi, ndipo makompyuta onse amalowa pa rauta imodzi. Pa Windows, munthu amatsegula Printers & scanners, n'kusankha pulintayo, kupita pa Printer properties, kenako Sharing, n'kuchonga Share this printer. Netiweki iyenera kuikidwa pa Private, apo ayi makompyuta enawo saiona pulintayo. Kuipa kwa njirayi n'kwakuti kompyuta yaikuluyo ikazima kapena kugona, palibe amene angapulinte.

Njira yachiwiri ndi ya pulinta yokhala ndi Wi-Fi, monga Epson L3250, kapena yokhala ndi polowetsa waya wa netiweki. Iyi imalumikizidwa ku rauta mwachindunji, choncho siidalira kompyuta iliyonse, ndipo ngakhale foni ingatumize ntchito. Waya wa netiweki umagwira bwino mpaka mamita 100, pomwe wa USB wamba sudutsa mamita 5. Wogula pulinta yatsopano afunsiretu za Wi-Fi asanalipire, chifukwa L3210 ndi L3250 zimafanana kwambiri maonekedwe.

Ena amaopa kuti njirazi zimadya bandulo. Ayi ndithu. Fayilo imachoka pa kompyuta, kudutsa pa rauta mpaka pa pulinta osatulukira pa intaneti, choncho ntchito imayenda ngakhale bandulo ya TNM kapena Airtel itatha.

Chofunika kuchenjera nacho ndi magetsi. Magetsi a ESCOM akazima n'kuyakanso, rauta ikhoza kupatsa pulinta nambala ina ya IP, makompyuta n'kumanena kuti pulinta palibe. Mankhwala ake ndi kuipatsa pulintayo nambala yosasintha m'rauta, n'kuilemba pa kapepala pambali pake. Komanso pulinta ya laser imakoka mphamvu yambiri potenthetsa, moti imalemetsa inveta yaing'ono, pamene ya inki imakoka yochepa.

Pomaliza, Wi-Fi ya mu shopu ikhale ndi pasiwedi yolimba. Aliyense wolowa pa netiwekiyo angathe kupulinta, inki ndi mapepala n'kumatha popanda ndalama yolowa. Ngati pa makompyuta pali mafoda otseguka, angaonenso ziphaso ndi masatifiketi a makasitomala. Rauta zambiri zili ndi Guest network, ndipo makasitomala azipatsidwa imeneyo. Madzulo aliwonse, mwini shopu ayerekeze masamba omwe pulinta yawerenga ndi ndalama za m'kabati. Zikasiyana, ndiye kuti pali amene akupulinta ulere.