MPHERE SI YA M'MAGAZI: Uthenga kwa makolo a ku Luwawa ndi madera ozungulira

Makolo ndi aphunzitsi a zamasewero,

Ana asukulu akubwera kuchipatala akukanda pakati pa zala, m'khwapa ndi m'chiuno, usiku osagona. Tikafunsa, yankho ndi lomwe lija: "Ndi magazi oipa," kapena "anadya usipa." Ayi. Mphere si ya m'magazi, ndipo usipa mukuunamizira. Imabwera ndi kachilombo kakang'ono kosaoneka ndi maso, kamene kamaboola khungu n'kuikira mazira m'katimo. Kamachoka pa mwana wina kupita pa mnzake akamagona mphasa imodzi, akamafunda bulangete limodzi, komanso kudzera m'zovala zongovulidwa kumene.

Ndiye taonani zimene zimachitika pabwalo. Timu ili ndi majezi ochepa. Wina akatuluka, amavula jezi ya thukuta n'kupatsa wolowa. Mabibu a ntchemberembaye amasungidwa m'thumba limodzi teremu yonse osaona sopo. Kuno ku Viphya, mu June ndi July chifunga chikagwa, oyembekezera kulowa amabwerekananso majuzi. Chipere nachonso chimayenda njira yomweyi. Mwana asavale jezi ya mnzake yosachapa.

Tikudziwa kuti nthawi yozizira zochapa siziuma msanga. Koma kachilomboka kakachoka pathupi la munthu sikapitirira masiku 2 kapena 3 kali moyo. Chapani ndi madzi otentha n'kusita. Zikakanika, mangani zovalazo m'jumbo, mudikire masiku osachepera 3 musanazigwiritsenso ntchito. Jumbo simungaisowe.

Tibwerezenso, popeza tatopa kuzinena pawindo la mankhwala: palibe magazi ofunika kutsuka. Kumwetsa mwana zitsamba "zoyeretsa magazi" sikupha kachilombo kali pakhungu. Kutema mphini kumangowonjezera mabala. Ndipo amene mukupaka ana oyilo wakutha wa galimoto kapena dipi wa ng'ombe, chonde lekani lero lomwe; mwana si ng'ombe, ndipo dipi ndi poizoni. Zilonda zokandakanda zikalowa mafinya zimatha kufika powononga impso. N'chifukwa chake bungwe la World Health Organization mu 2017 linaika mphere m'gulu la matenda onyalanyazidwa ofunika kulimbana nawo.

Mankhwala ake ndi opaka, monga benzyl benzoate. Amapakidwa thupi lonse kuyambira m'khosi kutsika, osati pokhapo poyabwa. A m'nyumba monse apake tsiku limodzi, ngakhale amene sakumva kuyabwa, chifukwa kwa wogwidwa koyamba zizindikiro zimatenga masabata 4 mpaka 6 kuti zioneke. Za ana aang'ono funsani kaye namwino, muyezo wake ndi wina. Kuyabwa kukapitirira masabata angapo mutapaka, musathamangire kunena kuti "si tinanena, ndi magazi." Khungu limachedwa kupola. Bwererani tidzaone.



Aphunzitsi, majezi ndi mabibu azichapidwa masewero aliwonse akatha, ndipo mwana wa mphere ayambe walandira mankhwala asanabwerere ku timu. Amayi ndi abambo, mukaona mwana akukanda usiku, uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu kapena pitani kuchipatala chapafupi, ku Jenda, ku Embangweni kapena ku Mzimba boma. Mubwere ndi jezi yake mutaimanga m'jumbo, osati ili pathupi la mng'ono wake.