Musanalipire kosi ya pa intaneti, fufuzani izi

Kuchokera mu Marichi 2020, pamene sukulu zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ngakhale timakoleji ting'onoting'ono ta mu Lusaka tinayamba kuphunzitsa pa Zoom ndi WhatsApp. Ena amaphunzitsadi. Ena amangoponya ma PDF pagulu n'kumadikira fizi.

Yambani ndi kalembera. Yunivesite iyenera kukhala yolembetsedwa ku Higher Education Authority, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013, ndipo koleji ya ntchito zamanja ku TEVETA. Musafunse za sukulu yokha. Funsani ngati kosi yomwe mukufunayo ndi yovomerezeka, chifukwa sukulu ikhoza kukhala m'kaundula koma kosi yake ina ayi. Satifiketi ikakhala yochokera kunja, funsani a ZAQA musanalipire, poti ndi iwo amene adzaiunike mukamadzafuna ntchito.

Kenako pemphani phunziro limodzi loyesera. Apa ndiye musafulumire. Litseguleni pa foni yanu, ndi bandulo yanu, panthawi yomwe muzidzaphunziradi. Wa ku Kabulonga kapena Woodlands amene ali ndi sola ndi wifi sangakuuzeni zoona zake za kosiyo. Muyezo wabwino ndi mayi wa ku Chelstone yemwe amaweruka m'tauni madzulo, n'kumamvera phunziro ali mu minibasi pa Great East Road, batire itatsala pang'ono kutha. Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Kosi yomwe imafuna kuti mukhalepo pompopompo, popanda kujambula phunziro loti mudzaonere pambuyo, sinaganizire wophunzira wa kuno.

Mukatero, pezani amene anamaliza kosiyo. Mufunseni: asainimenti ikabwerako pamakhala ndemanga ya aphunzitsi, kapena malikisi okha? Imatenga masiku angati?

Inu aphunzitsi, musanyengeke ndi mayina odzaza pa Zoom. Wina walowa, wazimitsa maiki, ali pa mbaula kuphika nsima. Werengani amene apereka ntchito sabata iliyonse. Ngati mumagwiritsa ntchito Moodle, onani phunziro lomwe ambiri anasiyira kutsegula, n'kuyamba kukonza pamenepo. Kanema wa ola lathunthu muduleduleni, ndipo zolemba zake muzitumizenso padera kuti wa bandulo yochepa asatsalire.

Tikabwerera kwa inu ofuna kosi, zonse zikakukhutiritsani, lipirani ku akaunti ya sukulu ndipo mutenge risiti. Akakupatsani nambala ya munthu kuti mutumizeko fizi pa foni, musatumize.