Phunziro 9: Werengani Paketi Musanagule

Inu amene mwatsiriza sukulu ya kwacha, tsopano mukutha kulemba dzina lanu ndiponso kuwerenga kalata. Koma kuwerenga sikuthera m'kalasi ayi. Pa msika wa Kamwendo pali zowerenga zambiri zimene anthu amangozipitirira. Zili pa paketi ya mbewu, pa botolo la mafuta ophikira, pa thumba la feteleza ndi pa kabokosi ka mankhwala.

Kamwendo ali pa msewu waukulu wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji ndi ku chipata cha Mwami. Motero katundu wa m'magolosale athu amachokera kutali. Wina amachokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre, wina ku Chipata ndi ku Lusaka. Munthu amene anapanga katunduyo simudzakumana naye. Nanga mungadziwe bwanji kuti ndi wabwino? Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsono musakopeke ndi kukongola kwa paketi. Werengani zimene zalembedwapo.

Zinthu zinayi zofunika kuyang'ana

1. Dzina ndi keyala ya wopanga. Paketi yopanda dzina ndi keyala njokayikitsa. Chinthu chikalakwika, mukadandaula kwa yani?

2. Tsiku lothera mphamvu. Kawirikawiri limalembedwa m'Chingerezi. Funani zilembo izi: EXP, kapena mawu akuti BEST BEFORE. Mukaona EXP 08/2027, ndiye kuti katunduyo atha mphamvu mu mwezi wachisanu ndi chitatu, Ogasiti, chaka cha 2027. Zilembo za MFD zimanena tsiku limene katundu anapangidwa. Musasokoneze masiku awiriwa.

3. Nambala ya gulu. Ili pafupi ndi mawu akuti BATCH kapena LOT. Katundu yense amene anapangidwira pamodzi amakhala ndi nambala imodzi. Botolo limodzi likapezeka loipa, a fakitale amatsata nambalayo ndi kuchotsa anzake onse m'masitolo.

4. Chizindikiro cha MBS. Bungwe la Malawi Bureau of Standards linakhazikitsidwa m'chaka cha 1972. Ntchito yake ndi kupima katundu ngati ali woyenera anthu. Katundu wopangidwa kuno kwathu akapimidwa ndi kuvomerezedwa, amaloledwa kukhala ndi chizindikirochi.

Timizere ndi timadontho

Kodi munaonapo timizere takuda toimirira pa paketi ya sopo kapena shuga? Timeneti timatchedwa barcode. Si zokongoletsa ayi, ndi nambala ya katundu yolembedwa m'njira yoti makina awerenge. Tinayamba kugwira ntchito m'sitolo ku America m'chaka cha 1974. M'masitolo akuluakulu wogulitsa amangowalitsa makina pa timizereto, basi dzina ndi mtengo wa katundu zaoneka pa kompyuta.

Palinso kabokosi kodzaza ndi timadontho takuda, kotchedwa QR code. Anakapanga a kampani ya Denso Wave ku Japan m'chaka cha 1994, pofuna kulondola zitsulo za galimoto m'fakitale. Kabokosika kamasunga mawu ambiri kuposa timizere tija. Mukalozetsapo kamera ya foni yamakono, foni imatsegula tsamba la pa intaneti. Makampani ena amafotokoza pamenepo kumene katundu analimidwa ndi m'mene anayendera. Koma chenjerani, munthu wachinyengo akhoza kukopera kabokosika ndi kukamata pa paketi yabodza. Choncho musasiye kuyang'ana zinthu zinayi zija.

Mbewu yabodza

Nthawi ya dzinja ikayandikira, anthu ena amatenga chimanga cha m'nkhokwe, kuchipaka utoto ndi kuchiika m'mapaketi ngati mbewu yamakono. Sopo woipa mumamdziwa tsiku lomwelo. Mbewu yabodza mumaidziwa mvula itapita kale, ndipo banja limagona ndi njala chaka chonse.

Mbewu yeniyeni imapimidwa ndi alangizi a boma a za mbewu, amene likulu lawo lili ku Chitedze. Pa paketi pamalembedwa mtundu wa mbewu, nambala ya gulu ndi tsiku limene inapimidwa. Mapaketi ena amakhala ndi kapepala kokanda, ngati ka mayunitsi a foni. Kandani, tumizani nambala yobisikayo monga malangizo a pa kapepalako akunenera, ndipo dikirani yankho musanachoke pa sitolo. Pemphaninso lisiti. Wogulitsa akakubisirani chilungamo, kanenani kwa mlangizi wa zaulimi kapena ku bungwe loona madandaulo a ogula la Competition and Fair Trading Commission.

Mtedza wanu nawonso umalondoledwa

Inu si ogula chabe. Ndinu ogulitsanso. Monga inu mufuna kudziwa kumene mbewu yachokera, wogula mtedza wa ku Mchinji nayenso amafuna kudziwa za munda umene unachokera.

Chimene amaopa ndi chuku. Mtedza ukasungidwa wosauma bwino umachita chuku, ndipo chukucho chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu anadziwika pambuyo pa chaka cha 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya cha mtedza woipa. Kwa anthu amawononga chiwindi ndi kuyambitsa khansa. Kukazinga kapena kuphika sikumuchotsa.

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 dziko la Malawi linkagulitsa mtedza wambiri wa Chalimbana ku Ulaya. Pambuyo pake msikawo unatayika, ndipo china mwa zifukwa zake chinali chuku. Alimi a boma lino ndiwo anatsegulanso njira. M'chaka cha 2004 bungwe lawo la MASFA, limene ndi nthambi ya NASFAM, linalandira chiphaso cha Fairtrade, ndipo mtedza wa ku Mchinji unafikanso m'masitolo a ku Britain. Mtedzawo unkapimidwa usanatumizidwe. Ndalama zapadera zochokera ku malondawo zinathandiza kumanga nyumba yogona odikirira odwala pa chipatala cha boma cha Mchinji.

Msika wotere umafuna kuti thumba lililonse lidziwike mwini wake. Ngati matumba alibe zolemba, thumba limodzi loipa likhoza kukanitsa lole yonse, ndipo osalakwa amaluza pamodzi ndi wolakwa. Ngati alembedwa, loipalo limachotsedwa lokha, ena onse nagulidwa.

Zoyenera kuchita

Kumbani mtedza ukakhwima bwino, osachedwa nawo m'munda. Uumitseni mokwanira, osauyanika padothi ponyowa. Musauwaze madzi pofuna kuti usavute kuswa, ndipo musaunyowetse kuti ulemere pa sikelo. Sankhani wowola, wofota ndi wosweka. Wowolawo musausinjire ndiwo za ana, musaupatsenso ziweto. Sanjani matumba pa mitengo, asagunde pansi kapena khoma.

Tsono gwiritsani ntchito cholembera chanu. Pa thumba lililonse lembani dzina lanu, mudzi, kalabu, mtundu wa mtedza ndi tsiku limene mwasoka thumbalo. Mlembi wa kalabu alembe zomwezo m'buku. Inunso khalani ndi kope lanu. Mawa wina akadzati mtedza wanu unali woipa, kapena kuti matumba anali ochepa, kope lidzakuikirani umboni.

Mafunso

1. Tchulani zinthu zinayi zofunika kuyang'ana pa paketi.
2. Pa botolo palembedwa MFD 02/2025 ndi EXP 02/2027. Kodi masiku awiriwa akusiyana bwanji?
3. Chifukwa chiyani sibwino kuwaza madzi pa mtedza?
4. Kalabu ina yasonkhanitsa matumba 40 a makilogalamu 50 lililonse. Matumba 3 akanidwa. Atsala makilogalamu angati?

Ntchito ya kunyumba

Tolani mapaketi atatu opanda kanthu. Koperani m'kope lanu dzina la wopanga, nambala ya gulu ndi tsiku lothera mphamvu. Mukadzakumana ndi anzanu sabata yamawa, mudzawerengerane. Pamene pakukuvutani funsani aphunzitsi kapena mwana wasukulu, paja safunsa anadya phula.