Chotsani Dzanja pa Dayisi

Ana anga, inu amene mumakonda kuzungulira tebulo n'kumasewera Ludo, Monopoly, Catan ndi masewera ena oponya madayisi, tcherani khutu. Ndikufuna ndikuuzeni za kachipangizo kena kamene ambiri a inu mukakaona mumangoti n'chidole cha anthu a ndalama. Ndikunena nsanja ya madayisi. Si chidole ayi. Ndikanakhala nayo ndili msinkhu wanuwu, bwenzi lero ndili ndi anzanga ena amene ndinawataya.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Ndi kabokosi kakatali kotseguka pamwamba. M'kati mwake muli timatabwa tiwiri kapena titatu topendekeka, kena kochokera kumanzere, kena kochokera kumanja. Ukaponyamo dayisi, imagunda kathabwa koyamba n'kutembenuka, imagunda kachiwiri n'kutembenukanso, kenaka imatsetsereka n'kutulukira pakhomo la pansi, kukaima m'kambale kokhala ndi mpanda waufupi. Imalowera pamwamba n'kutulukira pansi ngati chimanga m'chigayo. Ntchito ya dzanja lako imathera pakamwa pa nsanjayo. Zotsalazo si zako, si za mnzako, si za mwini nyumba.

Musaganize kuti nzeru imeneyi yabwera ndi masitolo a masiku ano. M'zaka za m'ma 1980, ku Germany, pakati pa midzi ya Vettweiss ndi Froitzheim, anafukula nsanja ya madayisi ya Aroma yopangidwa m'zaka za m'ma 300. Ndi ya mkuwa, yotalika kupitirira pang'ono masentimita 20, ndipo lero imasungidwa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale mumzinda wa Bonn. M'kati mwake muli timapepala ta mkuwa topendekeka, pansi pake pali timasitepe, ndipo pakhomo pake panali timabelu tolira dayisi ikamatuluka, kuti aliyense amve kuti yadutsadi m'menemo. Mawu olembedwa pakhoma lake akunena kuti adani otchedwa Picts agonja, choncho anthu asewere mopanda mantha. Ina yamatabwa inapezeka ku Qustul, m'chigawo cha Nubia, m'mbali mwa mtsinje wa Nile. Ngakhale Martial, mlakatuli wa ku Roma amene anakhalako zaka mazana angapo nsanja ya ku Germany ija isanapangidwe, anatchula kansanja kotere ngati chinthu chogonjetsa dzanja la wonyenga.

Aroma ankakonda madayisi kwabasi. Malamulo awo ankaletsa juga kupatula pa chikondwerero cha Saturnalia m'mwezi wa Disembala, komabe mfumu Augustus inkasewera, ndipo mfumu Claudius inafika polemba buku la masewerawa. Tsono dzifunseni: n'chifukwa chiyani munthu anapita kwa mmisiri, kulipira mkuwa, kulipira timabelu, chifukwa cha kadayisi? Yankho n'lakuti ankalidziwa dzanja la munthu. Ankalidziwa bwino.

Inenso ndimalidziwa, chifukwa langa linandipereka.

Ndili mnyamata tinkasewera Ludo pakhonde madzulo. Mukudziwa kuti popanda sikisi ana ako satuluka m'nyumba, ndipo sikisi amakupatsanso mwayi woponya kachiwiri. Ine ndinatopa n'kudikira. Ndinaphunzira kugwira dayisi sikisi ali pamwamba, n'kuitsetsereza pansi m'malo moigubuduza. Inkazungulira ngati yaponyedwa, koma nkhope yake sinkasintha. Ndinayamba kupambana. Anzanga ankati ndili ndi mwayi, ine n'kumamwetulira. Panalibe ndalama patebulo, panalibe ngakhale switi. Ndinkadziuza kuti ndi masewera chabe, sindikubera munthu.

Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Amene anandigwira anali mng'ono wa mnzanga, kamwana kamene sitinkakawerengera n'komwe. Kankangokhala phee pambali, maso pa zala zanga. Tsiku lina kanangoti, "Achimwene saponya, amaika." Palibe anandilalatira. Palibe anandimenya. Mwini Ludo anangopinda bolodi lake, n'kunena kuti kwada. Kunali kusanade.

Mvetserani zimene ndinalipira, chifukwa ndi pamenepa pamene achinyamata simuwerengera. Choyamba anasiya kundiitana. Ndinkamva kuseka kwawo ndili kwathu. Atandilolanso patapita nthawi, sikisi aliyense amene ndinkaponya mwachilungamo ankalandiridwa ndi chete. Sikisi weniweni, wopanda chinyengo, koma wopanda womukhulupirira. Ndinayamba kukondwera ndikaponya wani, chifukwa wani yekha ndi amene sankandichititsa manyazi. Ndipo nkhaniyo sinathere pa Ludo. Titakula pang'ono, gulu lathu la achinyamata linkafuna msungichuma. Wina anatchula dzina langa. Wina anayankha motsitsa mawu kuti, "Uja wa dayisi uja?" Nkhani inathera pomwepo. Mwini bolodi uja anapita kukagwira ntchito kutali tisanakhale pansi kukambirana, ndipo ubwenzi wathu sunabwererenso. Madzi akatayika sawoleka. Ndinagulitsa dzina langa pamtengo wa kutulutsa ana anayi apulasitiki m'nyumba yojambula papepala.

Ndiye ndikamati gwiritsani ntchito nsanja, sindikunena kuti anzanu ndi akuba. Ndikunena kuti dzitetezeni kwa inu eni. Yesero silibwera ndi ng'oma. Limabwera tsiku limene waluza kangapo motsatizana, mnzako akukuseka, ndipo zala zako zazindikira kuti zingathe kuthandiza pang'ono. Pang'ono pokha. Kamodzi kokha. Nsanja imachotsa mpata umenewo usanabadwe. Imatetezanso munthu wosalakwa. Kuponya sikisi katatu motsatizana kumachitika kamodzi pa maulendo 216, n'kosowa koma kumachitika, ndipo kukachitikira m'manja mwa munthu, mitima ya anzake imayamba kufunsa mafunso. Kukachitikira m'nsanja, onse amangogwira pakamwa n'kuseka. Madzulowo amatha bwino.

Anthu amene amasewera masewerawa mozama anaziona kalekale zimenezi. Pa mipikisano ya backgammon saponya ndi dzanja, amagwiritsa ntchito kapu yokhala ndi kamlomo m'kati kuti dayisi ipunthwe potuluka. Ngakhale m'nyumba za juga, kumene ine sindikufuna kuti phazi lanu liponde, woponya madayisi amalamulidwa kuti akagunditse khoma la kumapeto kwa tebulo. Onsewa akudziwa chinthu chimodzi: dayisi yosagunda kanthu ndi dayisi yomvera mwini dzanja.

Koma pali kaikidwe kake. Ikani nsanja patebulo masewera asanayambe, osati mkangano utabuka. Mukaitulutsa pakati pa masewera, mwaloza munthu chala ngakhale simunatchule dzina. Ndipo onse aponyeremo. Onse. Mwini nyumba, mlendo, wamkulu, wamng'ono. Amene akutsogolera Dungeons & Dragons, masewera aja anayambitsidwa ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson mu 1974, amene madayisi ake ena ali ndi nkhope 20, nayenso akhale woyamba kuonetsa chitsanzo. Gwirizananinso pachiyambi kuti dayisi ikadumpha mpanda kapena ikaima motsamira pa inzake mudzatani. Ine ndimati iponyedwenso, kaya yaonetsa chabwino kaya choipa. Lamulo lopangidwa dayisi itagwa kale limakondera amene ali ndi mawu okwera.

Ubwino wina ndi waung'ono koma muutenge. Madayisi sagwetsanso tinyumba ndi timisewu ta pabolodi, sagweranso pansi pa mpando kumene amene wawerama yekha ndiye amaona nambala. Agogo anu amene manja awo amanjenjemera angathe kusewera nanu. Mwana wamng'ono amene amaponya ngati akugenda mbalame angathenso kusewera nanu. Musamawasiye kunja.

Tsopano ndikuchenjezeni za zimene nsanja singachite, chifukwa wakutsina khutu ndi mnansi.

Singakonze dayisi yoipa. Dayisi yolemera mbali imodzi, yong'ambuka pakona kapena yolembedwa molakwika idzatulukabe yokhota ngakhale itagunda matabwa khumi. Muziiyang'ana musanayambe. Manambala onse kuyambira 1 mpaka 6 akhalepo, ndipo nkhope zofulatirana zipange 7 mukaziphatikiza: 1 ndi 6, 2 ndi 5, 3 ndi 4.

Singakupatseni mwayi. Bawo ndi masewera a nzeru, ukaluza umadziwa kuti unawerenga molakwa. Dayisi si choncho. Ilibe chikumbumtima, ilibe chikumbukiro, ilibe ngongole ndi munthu. Mwayi wa sikisi ndi umodzi pa isanu ndi umodzi poponya koyamba, ndipo ukadali womwewo poponya kachikhumi, ngakhale sikisi sanaonekepo. Musamanene kuti watsala pang'ono kubwera. Sanatsale pang'ono. Mu 1913 ku Monte Carlo, kampira ka gudumu la juga kanagwera pakuda maulendo 26 motsatizana. Anthu anathira chuma chawo pofiira, akuti pakuda patopa, ndipo anapita kwawo manja ali m'khosi. Gudumulo silinkadziwa kuti akudikira.

Chimene mungachite ndi kuphunzira masamu ake, pakuti amenewo sanama. Madayisi awiri amatha kugwa m'njira 36. Mwa zimenezi, njira 6 zimapereka 7, njira 5 zimapereka 6, njira zina 5 zimapereka 8, pamene 2 ndi 12 ali ndi njira imodzi yokha aliyense. N'chifukwa chake Klaus Teuber, amene anatulutsa Catan ku Germany mu 1995, analemba 6 ndi 8 mofiira, n'kusungira 7 wachifwamba amene amalanda theka la makadi kwa aliyense amene wasunga oposa 7. Wosewera wanzeru amamanga pafupi ndi manambala obwera kawirikawiri, ndipo saunjika makadi m'manja. Umenewo ndiwo ukatswiri wololedwa. Gwiritsani ntchito mutu wanu dayisi isanagwe ndi itagwa. Pamene ikugwapo, chotsani dzanja.

Ndipo mverani ichi, mverani bwino. Nsanja singayeretse juga. Kuponya kukhoza kukhala kwachilungamo kotheratu, koma ndalama ya fizi n'kupitabe. Gerolamo Cardano, dokotala wa ku Italy wa m'zaka za m'ma 1500, anali m'gulu la anthu oyamba kulemba masamu a madayisi, ndipo buku lake linasindikizidwa mu 1663 iye atamwalira kale. Anali wanzeru zoopsa, komabe juga inamulowa m'magazi ndipo inamuvutitsa. Ngati wodziwa masamu wotero sanapulumuke, inu mukudalira chiyani? Tsiku limene wina adzati tiikepo kenakake kuti zikome, ubwenzi wayamba kutuluka pakhomo. Woluza amapita ndi chakukhosi, wopambana amabwera ndi njala. Kubetcha kwa pafoni ndiye n'koipirapo, chifukwa kumeneko simuona n'komwe chimene chikugubuduza manambala, ndipo amene anakonza masewerawo anawerengeratu phindu lake inu musanadine batani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sewerani kuti museke. Sewerani kuti mucheze. Ndalama zikhale m'thumba.

Za mtengo musadandaule. M'masitolo a kunja muli nsanja zamatabwa osema, zapulasitiki yoonekera m'kati, zina zooneka ngati nyumba za mafumu, ndipo zina n'zodula kuposa masewera enieniwo. Simukuzisowa. Tengani katoni yolimba. Pangani bokosi lotalika pafupifupi masentimita 20, lotakata moti madayisi awiri n'kudutsa osapanikizana. Matanimo tizidutswa tiwiri kapena titatu ta katoni topendekeka bwino, tosinthana mbali, ndipo musiye mpata woposa kukula kwa dayisi kuti isakodwe. Pansi ikani kachidutswa kotsetsereka koloza pakhomo. Chivundikiro cha bokosi la nsapato chikhale kambale kake. Mukamata kansalu pa tizidutswato, phokoso limachepa ndipo makolo anu adzagona mwamtendere. Mukatha, iyeseni kambirimbiri muone ngati dayisi ikutembenukadi, osati kungotsetsereka. Amene ali ndi mnzake kalipentala amupemphe zidutswa za pulayiwudi zotsala. Ndi ntchito ya masana amodzi.

Ndikudziwa kuti ena mukuti mkuluyu akukulitsa nkhani ya masewera. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Anthu amene mukusewera nawo lerowa ndi omwewo amene mawa adzafunsidwa za inu, pofuna ntchito, pofuna ngongole, pofuna banja. Sadzakumbukira kuti munapambana kangati. Adzakumbukira mmene munkaponyera, ndi nkhope imene munkaonetsa dayisi ikakukanani.

Tsono iwe mwana wanga amene ukuwerenga izi mtima ukugunda, iwe amene zala zako zaphunzira kale kachinyengo kaja ndipo palibe wakugwira, ndikulankhula ndi iwe wekha. Leka lero. Usadikire kuti akugwire. Pita kwa anzako, uwauze ndi pakamwa pako zimene wakhala ukuchita, upepese, ndipo ukhale iweyo wopanga nsanja imene nonse muziponyeramo. Adzakwiya, inde, koma wodziulula yekha amamulandiranso msanga kuposa wogwidwa. Pita sabata ino isanathe.