PHUNZIRO 12: TILEMBE NYENGO M'KOPE

Chaka chilichonse, mwezi wa Juni ukafika, anthu amatsutsana. Wina amati, "Chaka chino chisanu kulibe." Mnzake amati, "Bodza limenelo, kwazizira kuposa chaka chatha." Nanga akunena zoona ndani? N'kovuta kudziwa, chifukwa mutu umaiwala. Koma kope siliiwala ayi. Inu abambo ndi amayi amene mwadziwa kulemba ndi kuwerengera, ntchito iyi mungaithe.

Nyengo zathu

Kuno ku Nathenje ndi ku Mitundu mvula imayamba cha mu Novembala, n'kudzatha cha mu Epulo. Pa chaka imagwa mamilimita pafupifupi 800 kapena 900. Chisanu chimayamba mu Meyi, ndipo chimakula mu Juni ndi Julaye. Kutentha ndi kuzizira timayeza m'madigiri. M'mamawa wa Julaye timapeza madigiri 10, mwina osafikanso. Masana a Okutobala timapeza madigiri 30. Madzi amaundana pa 0.

Maiko ena kukazizira kwambiri kumagwa chipale choyera, chofewa ngati thonje. Si matalala ayi. M'mapiri a ku Lesotho chimagwa chaka ndi chaka. Pa 10 Julaye 2023 chinagwa ku Johannesburg, ndipo abale athu ogwira ntchito ku Joni anachiona ndi maso. Kwathu kuno sichigwa. Ife tili ndi chisanu cha m'dambo, chija zaka zina chimawaula nyemba ndi tomato usiku umodzi wokha. Mpweya wozizira ndi wolemera, choncho usiku umatsikira kudambo. N'chifukwa chake kudimba kumazizira kuposa kumtunda.

Chisanu chikachepa

Kodi ndi mwayi? Mbali ina eya. Zofunda sizivuta, ndipo mbewu za kudimba zimakula msanga. Koma taonani mbali inayi. Kukafunda, anankafumbwe amaswana msanga m'chimanga chosunga. Udzudzu nawo sutha. Zitsime za kudimba zimaphwa msanga. Mlimi amene walemba kuti Juni sanazizire amayang'ana chimanga chake kawirikawiri, ndipo amakumbiratu chitsime nthawi ikadalipo.

Kuyeza kuzizira

1. Sonkhani ndalama pa gulu lanu, mugule choyezera kutentha chimodzi. Mutu umodzi susenza denga.
2. Chipachikeni pamthunzi podutsa mphepo, chilekeze m'chifuwa mwanu. Chisagunde malata.
3. Werengani 6 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, tsiku ndi tsiku.
4. Ngati choyezera mulibe, lembanibe zimene mwaona: mame, nkhungu, mwera, kapena masamba owauka.

Kuyeza mvula

1. Pezani chitini chowongoka, chofanana kukamwa ndi pansi.
2. Chiikeni pa mtengo wozika pabwalo, kutali ndi denga ndi mitengo.
3. M'mawa uliwonse 8 koloko viikani kamtengo kouma mpaka pansi. Yezani ndi rula ponyowapo.
4. Lembani mamilimita, kenaka tayani madziwo. Ngati sinagwe, lembani 0.

Kalembedwe kake kakhale kotere:
5 Julaye: m'mawa 9, masana 23, mame ambiri, mvula 0.

Nanga boma siliyeza?

Limayeza ndithu. Nthambi yoona za nyengo ili ndi zoyezera m'malo monga ku Chitedze ndi ku bwalo la ndege ku Lumbadzi. Koma mukudziwa nokha kuti mvula imatha kugwa ku Bunda, ku Nathenje kuli gwa. Za m'mudzi mwanu adzalemba ndani mukapanda kulemba inu?

Kumbukirani ng'amba ya 2024. Mu Malichi chaka chimenecho boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a m'Malaŵi agwa m'ngozi. Munthu wa kope angathe kuuza mlangizi kuti, "Kwathu mvula inadula masiku akutiakuti." Mlangizi akamva zimenezo amadziwa mbewu yoyenera kukulangizani. Mukalemba zaka 3 kapena 4, mudzayamba kuona nokha nthawi yabwino yobzala.

Mafunso

1. Chifukwa chiyani kudimba kumazizira kuposa kumtunda?
2. Tchulani zovuta ziwiri zobwera chisanu chikachepa.
3. Lolemba kunagwa mamilimita 12, Lachitatu 25, Loweruka 8. Sabata imeneyo inagwa mvula yochuluka bwanji?

Ntchito

Jambulani mizere m'kope lanu, muyambe kulemba mawa m'mawa. Sabata yamawa mubwere nalo, tidzafananize.