Kuyezetsa Magazi pa Nkhani ya Mazira: Ndipite Tsiku Liti? Mafunso ndi Mayankho kwa Amayi a ku Dwangwa

Kabukuka talemba ife azaumoyo amene timathandiza amayi pa za uchembere kuno ku Dwangwa. Amayi ofuna mwana akatumizidwa kukayezetsa magazi ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, ena amabwerako osayezedwa chifukwa afika tsiku losayenera, ndalama yoyendera itapita kale. Ena amayezedwa pa tsiku lolakwika, n'kubwera akulira kuti mazira awathera. Zimatiwawa, chifukwa zonsezi n'zopeweka.

Kodi m'magazimo amayezamo chiyani?

Mwana wamkazi amabadwa ndi mazira ake onse, pakati pa 1 miliyoni ndi 2 miliyoni. Pofika potha msinkhu amakhala atatsala cha m'ma 300,000, ndipo amanka nachepa mpaka mayi atasiya kusamba. Mazirawo sawerengedwa m'magazi. Amayeza mahomoni otchedwa FSH, estradiol ndi AMH, amene amasonyeza ngati otsalawo ndi ambiri kapena ochepa.

Ndani ayenera kuyezetsa?

Amene atha chaka akukhalira pamodzi ndi amuna awo, osalera, koma mimba osabwera. Ngati mwapitirira zaka 35, musadikire chaka. Miyezi 6 yakwana.

Magazi ndi omwewo. Nanga tsiku likusintha chiyani?

Mahomoni ena amakwera ndi kutsika mwezi wonse, monga amachitira madzi a mumtsinje wa Dwangwa pakati pa dzinja ndi chilimwe. FSH imachokera m'kachiwalo ka pansi pa ubongo, ndipo ntchito yake ndi kudzutsa mazira kuti akhwime. Mazira akachepa, thupi limatulutsa FSH yambiri pofuna kudzutsa ochepawo. Koma FSH imakweranso mwachibadwa pakati pa mwezi, dzira likatsala pang'ono kutuluka, ngakhale kwa mtsikana wa mazira ambiri. Muyezo umene adokotala amayerekeza nawo ndi wa kumayambiriro kwa msambo, pa tsiku lachiwiri, lachitatu kapena lachinayi. Ena amalola mpaka lachisanu.

Estradiol amaiyezera limodzi pa chifukwa. Ikakhala yokwera m'masiku oyambawa imatsitsa FSH, moti zotsatira zimaoneka zabwino pomwe sizili choncho. Mukapatsidwa pepala la mahomoni awiriwa, musasankhepo imodzi pofuna kupulumutsa ndalama musanafunse adokotala.

Tsiku loyamba ndi liti kwenikweni?

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Tsiku loyamba ndi tsiku limene magazi ofiira ayamba kutuluka ndithu, oti mpaka muvale nsalu kapena padi. Timadontho takuda timene amayi ena amaona tsiku limodzi kapena awiri msambo usanayambe sitiwerengedwa. Ndiponso sitiwerenga kuchokera tsiku limene mwamaliza kusamba, ngakhale ambiri kumudzi amawerenga motero, kapena kuchokera pa 1 pakalendala. Ngati mwayamba Lolemba m'mawa, Lolembalo ndi tsiku loyamba, ndipo masiku oyezetsa ndi Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi. Msambo ukayamba usiku, zipatala zambiri zimatenga mawa lake kukhala tsiku loyamba. Lembani detilo m'buku lanu la kuchipatala kapena mufoni tsiku lomwelo, musadalire kukumbukira.

Ndiye kuti ndipite kuchipatala ndili kumwezi? Si zamanyazi?

Inde, mupite muli kumwezi, ndiyo nthawi yake. Magazi amatengedwa pamkono basi. Amayi angapo atiuza kuti anadikira dala kuti ayere kaye polemekeza adokotala. Ulemuwo tikuumvetsa, koma podikirapo masiku oyenera amadutsa. Ngati mwalemberedwanso sikani yowerenga timatumba ta mazira, nayonso kawirikawiri imachitika kumayambiriro kwa msambo, ndipo anamwino anazolowera. Kusala kudya sikofunika pa mahomoni amenewa, pokhapokha ngati akukuyezaninso zina monga shuga.

Nanga msambo ukayamba Lachisanu, ine ndili kuno ku Dwangwa?

Werengani: Loweruka ndi tsiku lachiwiri, Lamulungu lachitatu, Lolemba lachinayi. Lolembalo mukadali m'masiku oyenera, koma muyenera kufika labu isanatseke. Ulendo wa pa M5 kudutsa ku Nkhotakota boma ndi Salima, kenako pa M14 mpaka Lilongwe, umadya maola ambiri, makamaka nyengo ya mvula, choncho ndi bwino kukagona pafupi Lamulungu. Konzekerani msambo usanafike: sungani ndalama yoyendera, ndipo ngati mumagwira ntchito kunzimbe kapena kufakitale, pemphani tchuthi msanga. Musananyamuke imbani foni kufunsa ngati muyezowo ukuchitika sabata imeneyo. Funsaninso kuchipatala chimene chakutumizani, kaya ndi cha boma ku Nkhotakota kapena St Anne's, ngati n'kotheka kutenga magazi konkuno n'kuwatumiza. Nthawi zina zimatheka, nthawi zina ayi.

Ndamva kuti pali muyezo wosasankha tsiku.

Ndi AMH. Imachokera m'timatumba tating'ono ta mazira ndipo sisintha kwambiri m'kati mwa mwezi, choncho mutha kuyezetsa tsiku lililonse. Kwa munthu wokhala kutali ndi yothandiza, koma sipezeka m'malabu ambiri, ndipo imakonda kukhala yokwera mtengo kuposa FSH.

Anandiuza kuti ndibwerenso pa tsiku la 21. Asokoneza?

Ayi. Umenewo ndi muyezo wina, wa progesterone, woona ngati dzira linatuluka mwezi umenewo. Umachitika patatsala masiku 7 kuti msambo wotsatira uyambe. Tsiku la 21 ndi la amayi osamba pa masiku 28 aliwonse. Ngati inu mumatenga masiku 35, tsiku lanu ndi la 28.

Msambo wanga ndi wodumphadumpha, ndipo ndinkabayitsa jakisoni wolera. Ndiwerenga bwanji?

Uzani adokotala, musadikire miyezi msambo usakubwera. Adzayamba ayeza ngati muli ndi pakati, kenako angakuyezeni tsiku lomwelo kapena kukupatsani mapiritsi obweretsa msambo. Jakisoni wa miyezi itatu satha mazira, koma kubereka kumachedwa kubwerera, kwa ambiri cha m'ma miyezi 10 kuchokera pa jakisoni womaliza. Njira zolera za mahomoni zimatsitsa FSH ndipo zitha kutsitsanso AMH kwa kanthawi, ndiye tchulani njira imene munagwiritsa ntchito ndi nthawi imene munasiya.

Ndinayezetsa tsiku la 13, FSH inapezeka yokwera. Mazira anga atha?

Zotsatira za tsiku limenelo sizinganene zimenezo. Bwerezani pa tsiku lachiwiri mpaka lachinayi. Ngakhale pa tsiku loyenera, FSH imasintha mwezi ndi mwezi, ndipo adokotala angafune kuiyeza kawiri.

Nanga zikaonetsadi kuti mazira ndi ochepa, ndiye kuti sindidzabereka?

Ayi, ndipo musalole munthu akutchuleni chumba chifukwa cha pepalali. Muyezowu umanena za kuchuluka kwa mazira, osati ubwino wake, ndipo amayi ambiri a AMH yotsika amene amasamba bwinobwino amatenga pakati. Chimene ukukuuzani ndi chakuti musazengereze. Kumbali ina, zotsatira zabwino sizitanthauza kuti zonse zili bwino. Kuno kwathu vuto lofala ndi kutsekeka kwa machubu odutsa mazira chifukwa cha matenda opatsirana pogonana kapena matenda obwera mutachira kapena mutapita padera. Kwa ife a m'mbali mwa nyanja ndi m'ngalande zothirira, likodzo nalonso limatha kuwononga njira ya chiberekero, ndipo mankhwala ake, praziquantel, alipo. Abambo nawo ayezetse umuna, atatha masiku 2 mpaka 7 osagonana. Wawo sudikira tsiku la mwezi.

Zimafuna ndalama zingati, ndipo pali choopsa?

Mitengo imasiyana malinga ndi labu ndipo imasintha kawirikawiri, choncho funsani musanapite. Pamalo pobayidwa pangatupe kapena kuda pang'ono kwa masiku ochepa.

Ndaona kadontho usiku, m'mawa palibe. Ndinyamuke?

Musanyamuke. Dikirani magazi ofiira otuluka ndithu, lembani detilo, ndipo munyamuke mawa lake.