Madzi akutuluka pansi m'nyumba mwanga

Funso: Ndimakhala ku Jumbe, m'boma la Mambwe. Nyumba yanga ndi ya njerwa zootcha, koma mvula ikafika pachimake mu Januwale ndi Febuluwale, simenti ya pansi imanyowa ndipo khoma layamba kung'aluka pakona. Kodi ndipakenso pulasitala?

Yankho: Bambo, pulasitala muyambe mwaisiya, chifukwa vuto lili kunja. Malo ambiri m'chigwa cha Luangwa ali ndi dothi la makande. Dothili limafufuma likamwa madzi, ndipo m'chilimwe limauma n'kung'ambika. Maziko akamakwera ndi kutsika chaka ndi chaka, khoma limasweka.

Mvula ikamagwa, tulukani muone kumene madzi a padenga akugwera. Nthawi zambiri amakumba kadzenje m'tsinde mwa khoma n'kudikha pomwepo. Thirani dothi lolimba mozungulira nyumba, mulitsendere bwino, litsetsereke kuchoka kukhoma, masentimita pafupifupi 15 pa mamita 3 oyamba. Ngati ndalama ilipo, ikani khonde la konkire lotambalala mita imodzi, ndi magata otengera madzi mu dramu kapena kutali. Kumtunda kwa nyumba kumbani ngalande yopatutsa madzi, koma musaiwongolere kwa anansi kapena kuchimbudzi.

Chinyezi chokwera m'khoma nthawi zambiri chimasonyeza kuti pomanga sanayale pulasitiki pamwamba pa maziko. Chimenechi n'chovuta kukonza nyumba itatha kale. Mng'alu muuyang'anire mosamala. Ukamakula, kapena chitseko chikayamba kukanika kutseka, itanani mmisiri mvula isanabwerenso, ndipo ana asagone pafupi ndi khomalo.